Mmene mungapangire mapuliti osafafanizika pogwiritsa ntchito makina

Mukaona siketi ya mapuliti imene yachapidwa kambirimbiri koma mizere yake idakali yakuthwa, dziwani kuti si ayironi imene inagwira ntchitoyo. Nsaluyo inadutsa m'makina amene anaipinda, kuitenthetsa mpaka ulusi wake utafewa, kenako n'kuisiya kuti izizire idakali yopindika. Anthu ambiri akayamba ntchitoyi amaika mtima wonse pa kupindako, poti ndi kumene kumaoneka ndi maso. Komatu kupinda n'kosavuta. Chimene chimachititsa kuti puliti ikhalitse ndi mtundu wa ulusi, kutentha kumene mwapereka, ndiponso kuleza mtima kwanu podikira kuti nsalu izizire.

Choyamba dziwani nsalu imene muli nayo

Ulusi wa poliyesitala ndi pulasitiki, mtundu womwewo umene amapangira mabotolo a madzi akumwa. Mukathira madzi owira m'botolo lotero limafewa n'kupindika, ndipo likazizira limakhala choncho osabwereranso. N'zimenenso zimachitika m'nsalu. Ulusiwu umayamba kufewa pa madigiri a Celsius pafupifupi 70 mpaka 80, ndipo umasungunuka pa madigiri pafupifupi 255. Ntchito ya makina a mapuliti imachitikira pakati pamenepa: nsalu itenthe mokwanira kuti ulusi ulandire maonekedwe atsopano, koma isafike pafupi n'kusungunuka. Ulusi umenewu anautulukira John Rex Whinfield ndi James Tennant Dickson ku England mu 1941, ndipo utayamba kugulitsidwa pa dzina la Terylene m'pamene masiketi a mapuliti ochapika anafala. Nayiloni nayenso amagwira mapuliti, kungoti amafuna kutentha kocheperapo, ndipo woyera sachedwa kusanduka wachikasu mukapitiriza moto.

Thonje, bafuta ndi visikosi (ulusi wopangidwa kuchokera ku mitengo) n'zosiyana. Ulusi wake sufewa ndi moto. Mukhoza kuupinda mzere wokongola kwambiri lero, koma ukangolowa m'madzi umafufuma n'kutambasuka. Pali mankhwala ena amene mafakitale amathira kuti thonje ligwire mzere, koma amafooketsa nsalu ndipo si ntchito ya pamalo ang'onoang'ono. Silika naye sasunga mapuliti akanyowa. Mariano Fortuny, wokonza zovala amene analembetsa njira yopindira silika ku Paris mu 1909, ankapanga madiresi a timapuliti tating'onoting'ono tosiririka, koma eni madiresiwo ankawasunga atawapota, ndipo mapuliti akatha ankawabweza kuti akawapindenso. Ubweya wa nkhosa uli pakatikati. Nthunzi imaugwiritsa mzere ndithu, koma kuti mzerewo upirire madzi pamafunika mankhwala, monga njira ya Siroset imene akatswiri a bungwe la kafukufuku la CSIRO ku Australia anaikonza mu 1957.

Nanga nsalu zosakaniza? Poliyesitala akhale woposa theka. Nsalu ya poliyesitala 65 pa 100 ndi thonje 35, kapena poliyesitala 55 ndi ubweya 45, imagwira bwino. Thonje likachuluka kuposa poliyesitala, musalonjeze kasitomala kuti mapuliti akhalitsa, chifukwa mudzakhala mukumunamiza.

Ngati pansalu palibe chizindikiro chonena za ulusi wake, sololani ulusi pang'ono, muugwire ndi kachitsulo pamwamba pa mbale ya madzi, ndipo muuyatse. Wa poliyesitala umathawa moto, umasungunuka, n'kusiya kampira kolimba kosaphwanyika ndi zala. Wa thonje umayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Wa ubweya umanunkha tsitsi lopsa ndipo chotsala chake chimafumbutuka. Yesani ulusi woyenda mu utali paokha, woyenda mu ulifupi paokhanso, chifukwa nsalu zina zimalukidwa ndi ulusi wa mitundu iwiri.

Werengani nsalu musanadule

Puliti iliyonse yogonera mbali imodzi ili ndi nkhope, imene imaoneka kunja, ndi kuya kumene kumabisika pansi. Nsalu imalowa pansi kenako n'kubwerera, choncho kuyako kumawerengedwa kawiri. Nsalu ya puliti imodzi ndi nkhope kuphatikiza kuya kawiri.

Tiyerekeze kuti mukupanga siketi ya munthu amene m'chiuno mwake, pamene pali potambalala kwambiri, ndi masentimita 100. Onjezerani 4 kuti azipuma, akhale 104. Mukasankha nkhope ya masentimita 4, mapuliti akhala 26. Kuya kukakhalanso 4, puliti iliyonse idya masentimita 12, ndipo siketi yonse ifuna masentimita 312, osawerengera misoko. Apa m'pamene pamachokera lamulo lodziwika lakuti nsalu ikhale katatu kuposa muyeso womaliza. Mukachepetsa kuya kufika pa 2, puliti idya 8, nsalu yonse 208. Mwapulumutsa nsalu yoposa mita, inde, koma mapuliti osaya amatseguka munthu akamayenda ndipo siketi imaoneka yoperewera. Ine ndimaona kuti kuya kusatsike kuposa theka la nkhope. Onjezeraninso nsalu yapadera ya kumayambiriro ndi kumapeto, chifukwa mapuliti oyambirira ndi omalizira kutuluka m'makina kawirikawiri sakhala abwino.

Konzani nsalu

Nsalu ikakumana ndi kutentha kwakukulu koyamba imabwerera pang'ono. Dulani kachidutswa, mulembepo mzere wa masentimita 50 mu utali ndi wina mu ulifupi, mukadutsitse m'makina otentha popanda kupinda, ndipo muyezenso. Zimene mwapeza muziphatikize pa masamu anu aja.

Sitani nsalu yonse ndi moto wochepa kuti makwinya achoke. Khwinya lililonse limene lilowe m'makina lituluka litakhazikika mofanana ndi puliti, ndipo simudzalichotsanso. Chimodzimodzi madontho a mafuta ndi choko cha telala chokhala ndi phula: moto umaziphikira m'nsalu. Pindani mpendero wa m'munsi ndi kuusoka musanapange mapuliti. Mukadzaupinda pambuyo, mzere wa puliti umayang'ana mbali yolakwika mkati mwa mpenderowo ndipo m'munsi mwa siketi mumatukumuka. Mpenderowo ukhale wopyapyala kuti usakweze mbali imodzi ya nsalu m'makina. Ngati mukulumikiza zidutswa, konzani kuti msoko udzagwere mkati mwenimweni mwa puliti, pamene sungaoneke.

Chomaliza, onetsetsani kuti m'mphepete moyambira mwadulidwa motsatira ulusi. Sololani ulusi umodzi kuchokera mbali ina kufika ina, mudule motsatira kanjira kamene wasiya. Nsalu yolowa mopendekeka imatulutsa mapuliti amene patebulo amaoneka bwino, koma munthu akavala amapotoka n'kumazungulira thupi.

Kutchera makina a mpeni ndi rola

Makina ofala kwambiri ali ndi zitsulo ziwiri zopyapyala zazitali ngati ulifupi wa nsalu, zimene amazitcha mipeni ngakhale sizidula. Mipeniyi imagwira nsalu, kuikankhira kutsogolo kuti ipindike, n'kuilowetsa pakati pa rola yotentha (chitsulo chozungulira ngati mgolo) ndi lamba wokhuthala amene amaipanikiza. Ikabwerera m'mbuyo rola imasuntha pang'ono, mipeni n'kukankhanso. Mtunda umene rola imasuntha ndiwo umapanga nkhope ya puliti, ndipo mtunda umene mpeni umayenda ndiwo umapanga kuya. Pa makina akale mumasintha zimenezi ndi zogwirira ndi mabawuti, pa atsopano mumalemba manambala pa kompyuta yake. Mukauza mipeni kuti ipinde kamodzi chakumwamba kamodzi chakumunsi, mumapeza mapuliti oyang'anizana aja otchedwa box pleat. Palinso makina ena okhala ndi marola a mano olowana, opangira timapuliti tating'onoting'ono.

Nsalu siyenda yokha. Imalowa pakati pa mapepala awiri opyapyala, lina pamwamba lina pansi, ndipo onse atatu amapindidwira limodzi. Pepala limateteza nsalu kuti isakhudze chitsulo chotentha n'kunyezimira, limathandiza nsalu yoterera kuti mpeni uigwire, komanso limasunga mapuliti m'malo mwake akatuluka. Gwiritsani ntchito pepala lopangidwira ntchitoyi, lopanda inki ndi phula, ndipo likhale lotambalala pang'ono kuposa nsalu.

Yatsani makina, muyendetse rola ndi lamba pamene akutentha. Musasiye lamba ataima pa rola yotentha, amapsa malo amodzi ndipo chipsera chimenecho chizidindika pa nsalu iliyonse. Nambala imene makina akuonetsa ikafika pamene mukufuna, dikiranibe mphindi zingapo kuti kutentha kufalikire rola yonse. Ngati muli ndi choyezera kutentha chapadera, yezani pakati ndi kumapeto konse kuwiri, pakuti kumapeto kumakonda kuzizirirapo. Kusiyana kukakhala kwakukulu, mapuliti adzagwira pakati koma m'mbali adzamasuka, ndipo m'mbalimo ndi mmene muli mpendero wa siketi, malo amene aliyense amaona.

Pa nsalu ya poliyesitala, kutentha kwa rola nthawi zambiri kumakhala pakati pa madigiri 160 ndi 190. Yambirani m'munsi, muzikwera pang'onopang'ono. Kumbukirani kuti liwiro ndi kutentha zimayendera limodzi. Nsalu yothamanga imakhala pa rola kanthawi kochepa, ndiye kutentha sikufika mkati mwa puliti mmene nsalu yasanjikizana katatu, mapepala ali pakati. Nsalu yokhuthala ikakana kugwira, chepetsani liwiro kaye musanaganize zowonjezera moto. Moto wambiri umapsereza kunja mkati musanafewe.

Yambani ndi mapepala okhaokha. Tulutsani mapuliti khumi, muyeze onse pamodzi ndi tepi. Ngati nkhope ndi masentimita 4, khumiwo akwane 40 ndendende, mbali ya kumanja ndi ya kumanzere yomwe. Kuyeza puliti imodzi kumanyenga, chifukwa kulakwitsa kwa theka la milimita sikuoneka pa imodzi, koma pa mapuliti 26 kumapitirira sentimita yathunthu.

Kachidutswa koyesera

Apa ndi pamene ndikupemphani kuti musachite changu, ngakhale oda ikhale yofulumira bwanji. Dulani theka la mita pa nsalu yomweyo imene mugwiritse ntchito, osati ina yofanana nayo, muidutsitse m'makina. Ikazizira chotsani mapepala ndipo muyang'ane zinthu zingapo. Kodi mtundu wasintha poyerekeza ndi nsalu yosatenthedwa? Kodi papepala padindika utoto? Utoto wa poliyesitala ukatenthedwa kwambiri umasanduka mpweya n'kusamukira pa chilichonse chimene wagundana nacho, ndipo pansalu ya maluwa kapena ya mizere, mtundu wakuda umatha kudetsa woyera pamene zapindana. Kodi nsalu yauma gwa kapena yayamba kunyezimira m'mphepete mwa mapuliti? Zonsezi zikutanthauza kuti moto kapena kupanikiza kwachuluka.

Mukakhutira ndi maonekedwe, dulani kachidutswako pawiri. Theka lina lisungeni, linalo mulichape m'madzi ofunda a madigiri 40 ndi sopo, mulitsukuluze, mulipachike kuti liume lokha osasita. Likauma ligonekeni pambali pa linzake lija. Ngati mizere ili yakuthwa mofanana, makina mwatchera bwino. Ngati yafooka, chepetsani liwiro kapena kwezani madigiri 5, muyesenso. Lembani m'kope mtundu wa nsalu, kutentha, liwiro ndi miyeso ya mipeni, ndipo mumatepo kachidutswa ka nsaluyo. Kope limenelo pakapita chaka limakhala chida chofunika kuposa china chilichonse pa malo anu a ntchito.

Kuyendetsa nsalu ndi kuiziziritsa

Polowetsa nsalu yeniyeni, iyaleni pa pepala la pansi mowongoka, m'mphepete mwake mutsatire mzere umene mwalemba patebulo la makina. Manja anu azingoiyalula kuchokera pakati kupita m'mbali. Musaikoke. Nsalu yokokedwa polowa imadzabwerera pambuyo pake ndipo mapuliti amachita mafunde. Nsalu yotambalala imafuna anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo. Makina akayamba musawaimitse pakati popanda chifukwa, chifukwa gawo limene laima pa rola limalandira moto wochuluka n'kusiya mzere wosiyana mtundu.

Nsalu ikamatuluka imakhala yotentha ndipo ulusi wake udakali wofewa. Puliti sinakhazikike panthawiyi. Imakhazikika pamene ulusi ukuzizira n'kutsika pansi pa madigiri 70 aja, ndipo maonekedwe alionse amene nsalu ili nawo pa mphindi imeneyo ndi amene idzasunge. Mukaitambasula kuti muone mmene yatulukira, mwaphunzitsa ulusi kukhala wotambasuka. Mukaiunjika mosasamala, makwinya a muluwo akhazikika. Choncho isiyeni m'mapepala ake, iyende chogona patebulo lotulukira, ndipo muikulunge momasuka pa chubu chachikulu cha katoni pamodzi ndi mapepalawo. Kunja kukazizira musanyengeke, mkati mwa mpukutu mumasunga kutentha nthawi yaitali. Ngati n'kotheka isiyeni usiku wonse. Mapuliti ena amene amafafanizika pa kuchapa koyamba anatenthedwa bwinobwino, chimene chinalakwika n'chakuti wina anafulumira kuchotsa pepala.

Zikombole ndi nthunzi

Makina a mpeni amapanga mizere yoyenda mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mapuliti oyamba mopanikizana m'chiuno n'kumatambalala chakumunsi ngati cheza cha dzuwa, amene amatchedwa sunray, amapangidwa ndi chikombole. Chikombolecho ndi mapepala awiri olimba kwambiri opindidwa kale mofanana ndendende. Mumatambasula lina patebulo n'kulipanikiza m'mbali, mumayalapo nsalu, yodulidwa kale ngati theka la bwalo, mumavundikira ndi linzake, kenako mumasonkhanitsa mapindowo limodzilimodzi ndi zala mpaka chonsecho chitapanikizana. Mukatero mumachimanga zolimba pakati pa timatabwa ndi kuchiika mu bokosi la nthunzi. Malo otchuka opangira mapuliti a Lognon ku Paris amagwirabe ntchito motere, ndipo amasunga zikombole masauzande.

Bokosi la nthunzi wamba silipitirira madigiri 100. Kutentha kumeneku kumathandiza pa ubweya ndi silika, koma poliyesitala amagwira bwino kwambiri mu thanki yotsekeka imene nthunzi imapanikizidwa. Geji yoyezera kupanikizika kwa nthunzi ikaonetsa bar 1, nthunzi ili pa madigiri pafupifupi 120, ndipo pa bar 2 ili pafupifupi 134. Nthunzi imalowerera m'nsalu msanga kuposa moto wouma, n'chifukwa chake madigiri ochepawa amakwanira. Ambiri amayambira pa mphindi 20 mpaka 30, kenako kachidutswa koyesera n'kamene kamawauza zoona. Kutani chikombole ndi pepala kapena nsalu ina kuti madontho a madzi asagwere mkati, chifukwa amathimbiriritsa nsalu ndi kufewetsa chikombole. Chikatuluka chisiyeni chomangidwa mpaka chitazizira ndi kuumiratu, kawirikawiri tsiku lathunthu.

Pali njira inanso yosangalatsa imene Issey Miyake, wokonza zovala wa ku Japan, anaitchukitsa ndi zovala za Pleats Please kuyambira 1993. Opanga zovalazi amayamba asoka chovala chonse cha poliyesitala chachikulu kwambiri kuposa muyeso, kenako amachiika pakati pa mapepala n'kuchidutsitsa m'makina, misoko n'kupindidwira limodzi. Mukafuna kuyesa zimenezi, ulusi wosokera ukhalenso wa poliyesitala, ndipo mabatani ndi zipi zidzabwere pambuyo.

Dzitetezeni, samaliraninso makina

Mipeni ndi rola sizisiyanitsa nsalu ndi chala. Zotchingira zonse zikhale pamalo pake, ndipo tsiku lililonse musanayambe dinani batani loimitsira mwadzidzidzi kuti muone ngati likugwira. Malaya a manja olendewera, mikanda ndi tsitsi losamanga zisayandikire. Pepala likakodwa, zimitsani magetsi pa switchi yaikulu musanalowetse dzanja, ndipo mnzanu adziwe kuti asayatse. Thanki ya nthunzi musaitsegule geji isanabwerere pa 0, ndipo potsegula imani chakumbali mutavala magolovesi aatali. Chipinda chizipita mphepo, poti mafuta ndi mankhwala a m'nsalu amatulutsa utsi akatenthedwa. Zidutswa za mapepala zisaunjikane pansi pa rola.

Pomaliza ntchito zimitsani moto koma rola ndi lamba ziziyendabe mpaka zitazizira. Pukutani mipeni, muyang'ane ngati yapindika kapena yakumbika, chifukwa kachilema kakang'ono pa mpeni kamakoka ulusi pa puliti iliyonse. Mafuta thirani pang'ono m'malo amene buku la makina lanena, n'kupukuta otsala kuti asadonthere pansalu.

Posoka ndi pochapa

Musanachotse pepala lonse, ng'ambani la kumtunda kokha ndipo mudutsitse msoko wa mapazi aataliatali pamzere wa m'chiuno kuti mapuliti asabalalike. Ngati pamwamba pa chiuno cha wovala, pomangira lamba wa siketi, ndi pocheperapo kuposa potambalala paja, gawani kusiyanako pa mapuliti onse mofanana, iliyonse ilowe pang'ono pansi pa inzake. Pa siketi ya mapuliti 26 ija, ngati pamwamba pakufunika masentimita 78, kusiyana ndi 26, ndiye puliti iliyonse ilowe sentimita imodzi, nkhope yake pamwambapo ikhale 3. Posita misoko ndi lamba wa siketi, ayironi ikhale yozizirirapo kuposa mmene rola inalili, ndipo muike kansalu pakati. Kutentha kofanana ndi kumene kunakhazikitsa puliti kukhozanso kuifafaniza.

Wovala muuzeni momveka, kapena mulembe pa kachizindikiro: achape m'madzi osapitirira madigiri 40, asafinye mopota, asaike m'makina oumitsira otentha, apachike siketi chogwira m'chiuno kuti mapuliti alendewere chowongoka pouma. Akafuna kuilongedza pa ulendo, asonkhanitse mapuliti motsatira mizere yake n'kuikulunga mu utali, asaipinde modutsa mizereyo.